Nyemba za Wiebke

Bambo anga a Hinnerk anaseka mu Meyi
nditathira nyemba m'makina obzalira chimanga:
"Ng'ombe zathu zayamba liti kufuna ndiwo?"
Sindinayankhe. Ndinangoloza lisiti la soya,
uja amatsika pa sitima kudoko la Brake,
mtengo wake wosadziwa kubwerera pansi.

Chimanga chinatsogola.
Nyemba zinatsalira m'munsi, zamanyazi,
mphepo ya kunyanja ikuzikankha uku ndi uku,
kenaka tsiku lina zinagwira phesi,
kulizinga, kukwera osaodira,
mpaka maluwa oyera m'khosi mwa ngaiyaye.
Njuchi zinalowa m'munda umene zinkaulambalala.

Pokolola makina anatsamwa kawiri,
mitsitsi ndi zingwe zitakola mano ake,
bambo chagada pansi pake, akutukwana dzina langa.
Tinavundikira zonse ndi pulasitiki,
matayala akutha pamwamba.

Lero Januwale, madzi aundana mumpope.
Ndawapeza m'khola mbandakucha
atatapa chovundikira chija, akuchinunkhiza,
ng'ombe yopanda nyanga ikuwanyambita chigongono.
Sanandicheukire.
"Munda wakuseri kwa ngalande uja,
chaka chino uli mbee.
Mbewu yako ija idatsalako?"