Wotsuka Mabotolo

Ndimachoka ku Kanyama kusanache,
nsapato m'manja, poti mvula ya usiku
yasandutsa msewu dambo,
ndipo m'zithaphwi mphutsi za udzudzu zadzuka kale,
zikupinda michira ngati zikundiseka.

Ku labu ntchito yanga ndi sinki.
Anzanga makhoti oyera, ine epuloni ya pulasitiki.

Lolemba Tisiyenji amabwera ndi thumba la ku Soweto:
nimu, chanzi, mpungabwi,
ndi khungwa lina limene wogulitsa anakana kulitchula dzina.
Amayanika, amasinja, amaviika mu spiriti,
chipinda chonse n'kumanunkha thengo.
Kenako dontho limodzi m'kapu ya mphutsi makumi awiri,
mawa lake kuwerenga:
zisanu ndi zinayi zamira, zotsala zikuvinabe.
Amalemba. Amayambanso.

Koma chimene chimawalanda tulo a Dokotala Munsanje
ndi tizilombo tomanga mudzi.
Akuti kamodzi kali kokha n'kanthu,
mankhwala amakapha ngati nsabwe,
koma tikaunjikana timafunda nembanemba yoterera,
jakisoni n'kumagogoda panja ngati mlendo wa ngongole.
Ine nembanembayo ndimaidziwa ndi zala.
Ndiyo ndimapala ndi bulashi tsiku lonse.
Ndiyonso inakhala pa chilonda cha malume Chakufwa
miyezi isanu ndi umodzi m'wodi,
mpaka mwendo anausiya komweko.

Lachinayi lina ndinaona kanthu.
Mabotolo a mzere wachitatu, aja a chanzi,
anayera ndi madzi okha.
Bulashi sinagwire ntchito.
Ndinakhala nazo masiku awiri.
Wotsuka mbale angauze chiyani ophunzira?

Loweruka ndinanena, maso pansi.
Dokotala sanaseke.
Anavula magalasi, anati ndiwasonyeze mzerewo,
nalemba tsiku m'buku lawo lobiriwira.
Anati mwina ndi zoona, mwina sopo,
tibwereze kasanu, kenako kasanunso.

Akubwerezabe.
Sindidziwa ngati dzina langa lidzalowe m'pepala.

Madzulo basi yaima pa Lumumba, hutala pa hutala.
Kunyumba Mwatitha watentha thupi kachiwiri chaka chino.
Ndimusomekera neti, ndisoka pomwe yang'ambika,
mawa tilawirira ku kiliniki.
Udzudzu umodzi ukulira pafupi ndi khutu langa.
Ndinunkhiza zala:
pansi pa sopo, chanzi chikumvekabe.