Kabokosi ka Gomezgani

Kanabwera m'belo la kaunjika,
kokulungidwa m'jekete la munthu wosadziwika,
ndipo mayi wogulitsa pa Vigwagwa
anayesa ndi wailesi yakufa.
Gomezgani, mkulu wanga, anapereka ndalama ya yunifolomu
nakabisa kunsi kwa juzi mpaka ku Chiputula.
Mkwapulo wake anaulandira akumwetulira.

Kotuwa ngati phulusa, mabatani awiri ofiira,
dzina lake m'zilembo zonga mapazi a nkhuku
zomwe ngakhale aphunzitsi a pa Katoto anangozipukusira mutu.
Katiriji inali imodzi yokha:
kamunthu kamakonamakona konyamula nyali mumgodi.
Kakagwa m'dzenje kankadzukanso, katatu.

Tivi tinalibe.
Tinkakalimira a Luhanga mizere ya mbatata
kuti atibwereke yawo ola limodzi,
ya chithunzi chonjenjemera ngati nayonso ikumva chisanu cha Juni.
Katiriji ikakana tinkaipemerera
monga moto wa nkhuni zonyowa,
mvula ikuwaza padenga tsiku lachinayi osapuma.

Papita zaka makumi atatu.
Lero ndimakonza mafoni pa Taifa,
ndipo kabokosiko kamapsinja malisiti kuti mphepo isawatenge.
Lachiwiri kunabwera Uchizi, mwana wa pa yunivesite,
foni yosweka galasi ili m'manja.
Anayang'ana pashelefu, nayiwala chimene anadzera.

Akuti amene anakapanga ankapanga masikelo a m'sitolo.
Akuti anayesa masewera chaka chimodzi,
ana a kwawoko sanawafune,
kampani inatseka zitseko, zotsala anaziphwanya.
Akuti lero pali anthu kutsidya kwa nyanja zamchere
osunga zoterezi m'magalasi, osazikhudza n'komwe,
ndipo chimene dziko linachikana
ndicho akuchilimbirana usiku pa intaneti.

Anakajambula. Lachinayi yankho linafika.
Mtengo wake ndinauwerenga kawiri, ndinavula magalasi:
malata a nyumba yonse,
mwinanso kapuloti ku Mchengautuwa.

Kenaka mafunso.
Katoni yake ilipo?
Amayi anaidula kutsekera zenera, chaka chomwecho.
Kabuku ka malangizo?
Tinakulungira mtedza.
Mtengo unatsika masitepe awiri.
Tembenuzani tione kunsi.
Ndinatembenuza.

GOMEZGANI, ndi msomali,
Z woyang'ana chammbuyo,
ndi nambala, 48,200,
imene sindinaifikepo mpaka lero.

Wogulayo analemba mwaulemu ndithu:
pepani, chilema chimenechi chadya theka.
Uchizi anafunsa ngati tingapalepo ndi sandipepa.
Iyayi, anatero, mukatero ndiye mwapheratu.

Chilema.
Dzanja lomwe linagwira msomali uja
linakwera basi ya ku Joni ndili Fomu Thuu.
Linatumiza bulangete kamodzi, nambala ya foni kawiri,
ndipo nambala yachiwiriyo imayankhidwa ndi mkazi wa makina
m'chilankhulo chomwe sindimva.
Makalata ake tilibe. Chithunzi chinadyedwa ndi nkhungu.
Zolemba zake zonse padziko lapansi
ndi zilembo zisanu ndi zinayi izi.

Sindine munthu wonyoza ndalama.
Lendi ya shopu yakwera, denga la ku Chiputula likudontha pa bedi la amayi,
ndipo theka la malata ndi malatabe.
Uchizi akufuna gawo lake, m'pomveka.

Dzulo nditatseka ndinalumikiza mawaya.
Ndinapemerera kawiri, kachitatu kanayaka.
Kamunthu kaja sikanakalambe.
Kanathamanga, nyali m'manja,
nkugwera m'dzenje lomwe lija,
pomwe Gomezgani ankandilanda mabatani n'kuti, "Taona, umadumpha msanga."

Ndinadumphanso msanga.

Foni ili apa, uthenga ukudikira yankho.
Kunja kwayamba kuwaza.
Kamunthu katsala ndi moyo umodzi,
ndipo magetsi, mwa mwayi, sanazime.