Pepala la Lachisanu

A Chavula anatigawira pepala Lolemba,
zala zawo zili mbuu ndi choko,
nati, "Chongani maphunziro amene mudzalembe.
Lachisanu ndilipeze patebulo panga,
losakwinyika, lopanda mafuta a mandasi."
Langa lagona masiku atatu m'thumba la yunifolomu,
lanyowa ndi mvula ya pa Katoto,
lauma, lanyowanso.

Amayeso amawerenga asanu ndi limodzi basi,
amene wakhoza koposa.
Tonse tikudziwa.
Koma Vinjeru anachonga asanu ndi anayi
ali chiimire, osaluma ndi cholembera chomwe:
fizikisi, kemisitile, ndi masamu owonjezera aja
amene chaka chatha analiza anyamata andevu.
Kwawo ku Chimaliro magetsi akathima
kumalira jenereta.
Kwathu ku Mchengautuwa akathima
kumalira achule.

Amayi akuti nditenge onse.
Akunena uku akusanja nthochi m'dengu.
"Ine ndinalekezera sitandade sikisi,
iwe ukasiya phunziro, usiyira yani?"
Kwa iwo phunziro ndi chenje,
sasiya pabenchi.
Nditawauza kuti lililonse lili ndi mtengo wake
anangoti zii,
nayambanso kuwerenga nthochi zomwe zija.

Abambo sanenapo kanthu.
Loweruka ndinawaona pachitunda cha ku Chiputula,
matumba atatu amakala pakaliyala,
atatsika, akukankha njinga,
mitsempha ya m'khosi itatupa ngati zingwe.
Mnzawo wonyamula thumba limodzi anawadutsa kawiri.
Madzulo ndinafunsa kuti wapeza zambiri ndani.
Anaseka, akutikita bondo:
"Mwini njinga."

Ndasiya kuwerenga maphunziro, ndikuwerenga maola.
Mzere wapampopi, limodzi.
Wapansi kupita ndi kubwera, awiri,
kukachita matope kuposa apo.
Kusambitsa Penjani, amene amathawa madzi
ngati ali ndi mano.
Otsala ndi atatu, ndi kandulo wotha theka,
ndi tulo tobwera ngati wangongole,
osagogoda.

Chingerezi sasankha, ndicho chipata.
Bayoloje ndi mnzanga wapamtima.
Kemisitile ndimamuopa, koma unamwino umamufuna,
ndiye tizingopirirana.
Masamu owonjezera ali ngati galu wa eni:
sanandilumepo,
inenso sindinamugwirepo pamutu.
Jogalafe, ati, sakufikitsa kulikonse.
Koma ndi yekhayo amene anandiuza
chifukwa chake mitambo imagona pa Kaning'ina
ndi kutidzutsa ndi nkhungu mu Juni,
manja ali gwa, okanika kumanga batani.
Ndimutaye iyeyo
kuti pamzere azindiloza, "Uyo wa sayansi uyo"?

Ndipo pali china chimene sindinauze munthu.
Sindiopa kulephera kokha ayi.
Ndikuopa kukhoza bwinobwino, mopepuka,
kenako ndidzakalambe ndikudzifunsa
ngati msana wanga ukadatha lachitatu lija.

Lachinayi usiku magetsi anathima.
Ndinachonga Chingerezi, Chichewa, masamu wamba,
bayoloje, kemisitile, fizikisi.
Pa jogalafe dzanja silinafunse.
Pa masamu owonjezera ndinachonga,
ndinafufuta,
ndinachonganso Vinjeru atandibwerera m'mutu,
ndinafufuta Penjani atatsokomola,
mpaka labala, wonyowetsa ndi malovu,
anaboola pepala.

M'mawa ndinaima kumapeto kwa mzere,
nsapato zitalemera ndi dothi lofiira.
A Chavula analitenga ndi zala ziwiri,
nalikweza kuwindo,
nandiyang'ana ndi diso limodzi
kudzera pabowo paja.
"Nyagondwe, apa mwati chiyani?"

Kunja wa kabaza wina anali kuliza belu.
Ndinameza malovu.
"Asanu ndi awiri, aphunzitsi."
"Nanga bowoli?"
"Ndi lopumira."

Sanaseke.
Analiyika pamwamba pa la Vinjeru,
ndipo pabowo langa panaonekera
kachizindikiro kake kaja,
kowongoka, kakuda bii,
kosafufutidwapo ndi kamodzi komwe.