Mitala ya mu Okutobala

Fani m'nyumba muno ndi imodzi,
ndipo siyang'ana kwa ine.
Yapotolera khosi kukona
kumene mkazi mnzanga wakhala pa njerwa ziwiri,
wakuda bii, kadiso kobiriwira,
akupumira m'mwamba
ngati wabwera wothamanga kuchokera ku Chelstone.

Mwezi uno ku Mtendere
malata amadzilirira okha masana,
sopo amafewa pawindo,
nthochi zogula m'mawa zimafika madzulo zitakalamba.
Ine ndagona pa simenti,
chitenje chonyowa pa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri.

Masauso anamutenga ku Kamwala, pangongole.
Kompyuta si dzina lokwanira, akutero,
uyu ndi njovu.
M'mimba mwake amasokeramo makanema a maukwati a eni,
akwati a ku Kabulonga ovina pang'onopang'ono,
keke yosanjikiza kasanu.
Koma njovuyi ikatenthedwa imangozima, osatsanzika,
ntchito ya usiku wonse n'kupita.

Ndiye amamulera.
Loweruka anamuvula mbali imodzi,
nthiti zonse poyera,
n'kumukwecha ndi mswachi wanga wakale.
Munatuluka fumbi lofiira la mumsewu mwathu,
ubweya wa bulangete,
mphemvu youma ndi miyendo yake yonse.
Kenako kamafuta kotuwa, kadontho ngati njere ya mpunga,
anakapaka atagwira mpweya.
Msana wanga sunapakidwepo choncho.

Anapempha a landilodi kuti aboole khoma.
A Mwanza anati boola mwanawe,
koma bowo nalonso lili ndi lendi yake.

Tsopano timagula mabotolo a madzi oundana
kwa Zelipa wa pa kantemba, awiriawiri.
Amawaimika patsogolo pa fani,
iwo n'kumatuluka thukuta m'mbale yanga ya ndiwo.
Iye maso ali pa manambala a m'mphepete mwa sikirini,
87, 89, 91,
nkhope ngati ya nesi amene sakufuna kukuuza.
Ine ndimadikira asungunuke
kuti ndimwe zotsala za mnzanga.

Lachitatu usiku magetsi anathima.
Akuti ku Kariba madzi atsika.
Nyumba inati zii,
ndipo ndinamva zinthu zimene ndinaziiwala:
agalu a kuseri kwa tchalitchi,
jenereta ya kubala ikutsokomola,
udzudzu umodzi wokha, wakhama.

Masauso anakhala kaye mumdima, manja ali lende.
Kenako ndinamva akung'amba katoni,
yomwe ija anabweretseramo njovu yake,
n'kukhala pansi pambali panga
kuyamba kundikupiza.
Mphepo yake inali yopunduka,
yobwera, yoiwala, yobweranso,
yonunkhira sitolo ya ku Kamwala.
Wam'katiyu anaponda kawiri.
Ndinatenga dzanja lopanda katoni
n'kuliika pomwepo.
Anati, kodi nayenso akutenthedwa?
Ndinati, ameneyu alibe manambala, ungomva.

Sitinalankhulenso.
Mkono utatopa anasinthira winawo.

Cha m'ma thuu koloko babu linatiwalira m'maso,
fani n'kudzuka, kupukusa mutu,
kufunafuna mwini wake.
Masauso anaigwira pakhosi.
Anayang'ana kukona, anayang'ana ine,
ngati mwana wotumidwa ndi anthu awiri.

Ukwati wa a Daka ukufunika Lachisanu.
Beseni la mwana sitinagule,
ngongole ya ku Kamwala yatsala miyezi inayi.
Ndinatambasula mwendo
n'kuikankha ndi chala chachikulu
mpaka inayang'ananso kwa mnzanga.

Koma botolo limodzi ndinalanda.
Lili pano pakhosi panga,
likudontha,
ndipo katoni ija ndaigonera,
asaiwale kumene ili.