Mzere Womaliza pa Fomu

Chipale chofewa chakwirira misewu ya ku Duluth,
koma Annika Solheim basi samaiphonya.
M'mawa sekondale, masana koleji ya mpingo,
kemisitiri pambuyo pa pemphero.
Wolipira fizi ndi boma.

Boma ndani? akutero a Dwight a nyumba yoyandikana,
fosholo ili m'manja.
Boma ndine. Msonkho wanga ukuimba nyimbo
imene pakamwa panga sinatulukepo.

Mayi a Annika, yunifolomu ikununkhabe chipatala:
Nanga wangawu si msonkho?
Kapena mwana akagwada
dzina lake limafufutika m'kaundula?

Kukhoti maloya akulimbirana chiganizo chimodzi
cha malamulo aakulu a dziko,
uyu wagwira mutu, uyo mchira:
boma lisakhazikitse chipembedzo,
boma lisatsekereze wopembedza.
Zala zonse pa tsamba lomwelo.

Hodan, mnzake wokhala naye desiki imodzi,
amene masamu amangomwa ngati madzi,
anafika pa mzere womaliza wa fomu,
pofunika kusainira chikhulupiriro,
nabweza cholembera m'thumba.

Annika sanamufunse kanthu.
Akuti chigamulo chidzatuluka chipale chikasungunuka.
Mayeso ndi Lachinayi.