Mapazi a Nyadzuwa

Mvula ya Januwale ikagwa ku Ngabu
makande amasanduka ulimbo.
Salekerera nsapato, salekerera tayala la ngolo,
ndiye angalekerere bwanji chiboda cha kavalo
woima pageti usiku wonse
kudikira ine ndi chidebe cha madeya?

Ndinazindikira Lachitatu.
Nyadzuwa, amene amakusa ng'ombe za pafamu
ngati mphepo ikukusa masamba,
anabwera akuponda mosankha
ngati mkamwini pabwalo la apongozi.
Nditagwada kuseri kwa mwendo woyera uja,
pamwamba pa chiboda, pomwe khungu limapindika,
ndinapeza nkhanambo zitagwira ubweya,
pansi pake potentha, ponyowa.

A Zuze a pathirakitala anati,
"Paka oyilo wakuda, mawa wapola.
Bambo anga ankatero ndi abulu awo."
Ndinafunsa kuti abuluwo ali kuti.
Iwo anangoliza injini.

Mayi Fulukiya, alangizi a ziweto,
anafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo.
Anameta ubweya ndi sizasi,
nanyika kansalu m'madzi ofunda a mankhwala.
"Nkhanambo osaikanganula ayi," anatero,
"inyengerere, ifewe, ichoke yokha.
Ukatero pukuta.
Ukaona ngati pauma, pukutanso.
Mwendo uliwonse nsalu yakeyake.
Mafuta oyerawa amapakidwa pouma pokha;
ukapaka ponyowa watsekera mbala m'nyumba."

Tsono ntchito inakula pamenepo.
Mawilibala khumi ndi asanu ndi awiri a mchenga
kuchoka kumtsinje kukwera nawo pachitunda,
mankhusu a mpunga pamwamba pake,
kangalande kozungulira khola.
Msana wanga ukudziwa chiwerengerocho kuposa ine.
Chomwera madzi ndinachisuntha,
pakuti pomwe amamwera ndi pomwe amapondaponda,
ndipo pomwe amapondaponda ndi pomwe zinayambira.

Usiku wachinayi mwendo unatupa ngati mtondo.
Mwana wanga Nyamiti anagwira tochi,
udzudzu ukutiimbira m'makutu,
ine ndikuimba foni ndi mayunitsi ongongola.
M'mawa jakisoni anabwera.
Nyadzuwa anandiluma paphewa,
sindinamudandaule.

Panapita masabata atatu.
Khungu linamera lofiirira ngati la khanda,
kenako kaubweya kosalala.
Tsiku lina ndikutsegula khola
anandikankha ndi chifuwa, liwiro ulendo,
adzimwe onse balalabalala m'dambo.

Masiku ano sinditsukanso miyendo yake madzulo aliwonse
monga ndinkachitira poyesa ndikumukonda.
Madzi ambiri amafewetsa khungu.
Ndimadikira matope aume,
ndiwasase ndi bulashi,
kenako zala zanga ziyende kuseri kwa chiboda chilichonse
ngati wosaona akuwerenga kalata.

Dzulo mkazi wanga anandiyang'ana ndikuvula jombo.
Anaona m'mipata ya zala zanga
moyera, mosupuka, mong'ambika,
nati, "Kavalo wa eni ali ndi mathawulo anayi.
Mwamuna wanga alibe ndi limodzi lomwe."
Anang'amba chitenje chakale pakati
nandiponyera.

Ndinakhala pakhonde ndikupukuta chala chimodzichimodzi,
mitambo ikusonkhananso cha kumapiri a Thyolo.
Nditaona ngati pauma
ndinapukutanso.