Mchira wa Njoka

Loweruka, kunja kusanayere,
ndatuluka m'chipatala cha Wrexham
maso ali psuu, yunifomu ikununkha mankhwala.
Gethin waimika galimoto pageti,
mabwato asanu atamangidwa padenga
ngati nzimbe zopita ku msika.
"Wagonako?" Ayi.
"Basi, mtsinje ukudzutsa."

Ku Llangollen mvula siigwa, imangokhala.
Imakhala m'makutu, m'masokosi, m'mafupa.
Dee wadzadza lero, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka,
akutafuna mizu ya mitengo
ndi kulavula thovu pansi pa mlatho.

Bwato langa ndi lalitali, loonda, lansanje.
Ukangoganiza za lendi, lakugwetsa.
Ukakumbuka wodwala wa pa bedi lachisanu ndi chimodzi
uja amaitana mkazi wake usiku wonse,
lakugwetsa.
Limafuna munthu wathunthu, osati zotsala za ntchito.

Emrys, nkhalamba ya bondo lachitsulo,
walowa kale m'madzi, akuimba mluzu.
Nerys akundimanga chisoti pachibwano
ngati mwana wopita ku sukulu tsiku loyamba.
Dzina langa limawavuta onse,
Lingalireni analidula, linatsala Linga,
ndipo pamadzi limamveka bwino,
lalifupi ngati mpweya.

Amayi akanandiona!
Iwo amene ankatithyolera kamtengo ka pichesi
tikangoyandikira Likhubula m'dzinja,
chaka chija madzi anatenga mwana wa a Nachisale
sopo ali m'manja.
Pa foni ndimangoti ndimachita masewera olimbitsa thupi.
Sindinama.
Sindimaliza chabe.

"Usalimbane nawo," akutero Gethin, wotchi ili pakhosi.
"Funa lilime, paja madzi asalala pakati pa miyala iwiri.
Nkhafi ikhale m'madzi.
Nkhafi ili m'mwamba ndi ndodo chabe."

Zitatu, ziwiri, imodzi.

Ndapalasa. Kumanja, kumanzere, kumanja,
mapewa akupsa, zala zafa kalekale.
Mitengo ikuthawira kumbuyo.
Ndiye phokoso lija, lomwe umayamba kulimva m'mimba,
Mchira wa Njoka,
pomwe mtsinje wonse umadzipanikiza pakhwalala la mwala
ngati anthu pakhomo la basi yomaliza.
Ndaona lilime. Ndaonanso mwala.
Ndipo bwato limapita komwe maso apita.

Phava!

Pansi pa madzi kuli zii.
Kuwala kwa bulauni, thovu likukwera chozondoka,
kuzizira kwandiluma mano, kwandimenya pamphumi.
Apa ndi pomwe mawu a amayi amandipeza,
amadziwa kusambira mawu amenewo.
Ndawauza: dikirani kaye.
Nkhafi pambali. Chiuno chiyambe. Mutu utuluke pomaliza,
ngakhale mapapo akulira kuti ndiwo ayambe.

Ndatuluka, mphuno ikutsanula mtsinje,
Emrys akukuwa mawu a Chiwelishi
omwe sindikuwadziwa koma ndawamva.

Tasenza mabwato paphewa, kubwerera kumtunda,
matope mpaka m'mawondo, nkhosa zikutiyang'ana
ngati zikudziwa kuti tilibe nzeru.
Kachiwiri ndagunda mwala womwewo, koma sindinagwe.
Kachitatu sindinauyang'ane.
Ndinangomva wadutsa pafupi ndi chigongono,
ngati munthu amene tinayambana kale
ndipo tonse tatopa nazo.

Gethin wandionetsa wotchi.
Masekondi anayi.
Miyezi isanu ya Loweruka lonyowa
yandigulira masekondi anayi,
ndipo ndawalandira ndi manja awiri.
Mpikisano uli mu Malichi. Nerys adzandisiya kutali, ndikudziwa.

M'galimoto zala zakana kutsegula fulasiki.
Emrys watsegula, wandipatsa ndi bisiketi yonyowa.
Nerys wandionetsa chithunzi:
ine, pakati pa thovu, pakamwa pali yasa,
nkhafi ili m'madzi.
Ndachiyang'ana mpaka pa mphambano ya ku Ruabon.
Kenako ndatumiza ku Mulanje.

Timizere tiwiri tasanduka tabuluu.
Akulemba. Asiya. Akulembanso.

"Nanga chipewa chimenecho,
chimateteza ndithu?"

Ndatsamira zenera, tulo tandipeza ndisanayankhe,
mapewa akupalasabe.